Tifunseni za kudimba: kadontho kakuda koyenda kunsi kwa tsamba la nyemba

FUNSO

Bambo mlangizi, ndimakhala ku Area 25 ndipo kuseri kwa nyumba ndili ndi kadimba komwe ndimathirira ndi madzi a pachitsime. Ndinadzala nyemba, mabilinganya ndi tomato pang'ono. Chiyambireni kutentha kwa Okutobala uno, masamba a nyemba achita timadontho tachikasu, ena akuuma, ndipo kunsi kwake kuli timaulusi ngati ta kangaude. Nditatembenuza tsamba ndinaona tizinthu tofiira tovuta kuona, ndipo pakati pake panali tizilombo takuda, tozungulira, tochepa kuposa njere ya repu. Timayenda pang'onopang'ono, koma ndikatikhudza timadzigwetsa pansi. Mwana wanga wa Fomu 3 anatijambula ndi foni, foniyo n'kunena kuti ndi ladybird. Komatu ladybird amene ndinamuona m'mabuku ndi wofiira wa madontho akuda, ndiponso wamkulupo. Anzanga oyandikana nawo akuti takudato ndi tomwe tikumaliza nyemba, ndipopere Cypermethrin. Pa mtengo wa mandimu palinso tina toyera ngati thonje tomwe timayenda pakati pa nsabwe. Kodi tonseti ndi tiyani? Ndipopere?

Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO

Mayi, botololo liyambe ladikira. Chithunzi chomwe mwana wanu anajambula ndachiona, koma kalata yanu ndi imene yandiuza zambiri. Amene akupha nyemba zanu ndi tofiira tija, akangaude ofiira. Amaboola tsamba kunsi n'kumayamwa madzi ake, ndipo kadontho kachikasu kalikonse ndi bala lomwe asiya. Ulusiwonso ndi wawo. Takudato tabwera kudzadya akangaudewo. Foni sinakunamizeni, ndi ladybird ndithu, ndipo zonse zomwe mwafotokoza zikuloza ku gulu lomwe akatswiri amalitcha Stethorus.

Kukayika kwanu ndikukumvetsa. Ladybird wa m'mabuku a kusukulu ndi wa ku Ulaya, wofiira wa madontho asanu ndi awiri, ndipo ambirife tinakula tikuyesa kuti banja lonse limaoneka choncho. Banja limeneli, lomwe dzina lake ndi Coccinellidae, lili ndi mitundu pafupifupi 6,000 pa dziko lonse, ndipo yambiri ndi ing'onoing'ono, yakuda kapena yakhofi, yopanda dontho ndi limodzi lomwe. Ngakhale amene timamuona kawirikawiri kuno ku Lilongwe, pa repu ndi pa khobwe pakagwa nsabwe, sali ngati wa m'buku uja. Ndi wa mawanga achikasu kapena ofiirira ozunguliridwa ndi mizere yakuda, wa gulu la Cheilomenes, ndipo kutalika kwake kumafika mamilimita 6 kapena 7. Stethorus ndi milimita imodzi mpaka imodzi ndi theka basi. Tengani lula ya mwana wanu muone timizere tating'ono kwambiri tija. Kachikumbu kathunthu, kamapiko ake, kamakwana pakati pa timizere tiwiri kapena kupitirira pang'ono.

Ndikufuna mutsimikize nokha, musangodalira mawu anga. M'mamawa kusanatenthe, ikani mbale yoyera kunsi kwa tsinde la nyemba n'kuligwedeza. Zomwe zagwera m'mbalemo muzipenyetsetse kaye osazikhudza.

Choyamba kuona ndi kulumpha. Kudimba kuli tizikumbu tina takuda, tating'ono chimodzimodzi, tomwe ndi adani enieni, makamaka pa mabilinganya, repu ndi mpiru. Ameneŵa amalumpha ngati utitiri ukangowayandikira, ntchafu zawo zam'mbuyo n'zonenepa, tinyanga tawo n'tatitali tooneka, ndipo amasiya tsamba lili timabowo tozungulira ngati lalasidwa ndi singano. Ndikhulupirira anzanu aja akunena za ameneŵa, ndipo sindikuwadzudzula, poti ndi maso okha ziwirizi n'zovuta kusiyanitsa. Koma inu mwalemba kuti tanu timadzigwetsa pansi. Limenelo ndi khalidwe la ladybird. Akaopsedwa amapinda miyendo ndi tinyanga kunsi kwa thupi, n'kugwa, n'kukhala chete ngati wafa. Mukadikira pang'ono mudzaona akutambasula timiyendo n'kuyamba kuyenda, kapena kutsegula mapiko n'kuuluka. Salumpha.

Kenako pamafunika galasi lokulitsa zinthu, lija lolembedwa 10x. Mwana wanu apemphe kwa aphunzitsi a Biology, masukulu ambiri a sekondale amakhala nalo. Galasilo muliyandikize kudiso, mbale ndiyo muzibweretsa pafupi mpaka kachilombo kaoneke bwino. Mudzaona thupi lotumphuka pamwamba ngati theka la nsawawa, lafulati kunsi, mutu wobisika pang'ono, tinyanga tatifupi tokhala ndi kachibonga kumapeto. Msana wake suwala ngati nsapato yopolishidwa. Umaoneka ngati wathiridwa fumbi, chifukwa wakutidwa ndi tiubweya toyera tosaoneka ndi maso. Timiyendo ndi pakamwa zimakhala zotuwirako, zachikasu kapena zakhofi. Tsiku loyamba limene ndinaona zimenezi pa galasi ndinakhala pamzere wa nyemba nthawi yaitali, mpaka mayi a kunyumba anabwera kudzaona ngati ndili bwino. Kanthu komwe ndinkakayesa kachitsotso kanali ndi maso, kanali ndi ubweya, ndipo kanali katagwira kangaude kakumudya.

Komabe chizindikiro chomwe ine ndimachikhulupirira kuposa zonse si thupi la kachilomboko ayi, koma pamene mwakapeza ndi chomwe kakudya. Tiladybird tating'onoti timasankha chakudya. Stethorus amadya akangaude a m'masamba, iye ndi ana ake omwe, ndipo simudzamupeza atakhazikika pa tsamba lopanda akangaude. Wamkulu mmodzi amatha akangaude ndi mazira awo makumi angapo pa tsiku. Choncho mutembenuzenso masambawo mufunefune banja lake. Mazira a akangaude ndi obulungira ngati timikanda ta galasi. A Stethorus ndi otalikirapo, otuwa, ndipo amaikidwa limodzilimodzi pakati pa akangaudewo kuti mwana akangoswa apeze chakudya pakhomo. Mwanayo ndi kamphutsi kotuwa moderako, kaubweya, kotalika mamilimita awiri kakakula, koyenda mwaulesi. Kakakhuta kamadzimata pa tsamba n'kusanduka kachikwa kakuda kafulati, ndipo m'menemo ndi momwe mumatuluka kachikumbu. Mukapeza zitatuzi pa tsamba limodzi, kamphutsi, kachikwa ndi wamkulu, pamodzi ndi akangaude, funso lanu layankhidwa.

Kachikumbu kakuda komwe mungakapeze pa nthambi ya mandimu kapena ya mango, kokulirapo, mamilimita anayi kapena kuposa, kowala kwambiri, kopanda ubweya, kooneka ngati chipewa cha msilikali, kameneko ndi ka gulu lina, Chilocorus. Ena mwa iwo ali ndi madontho awiri ofiira. Chakudya chawo ndi tizilombo tija timamatirira pa nthambi ngati mamba a nsomba. Nawonso ndi athu.

Tsopano toyera ta pa mandimu tija. Apa mpofunika kusamala, chifukwa alimi ambiri amapha bwenzi poliyesa kodikodi, kachilombo koyera koyamwa madzi a mbewu. Mwalemba zinthu ziwiri zomwe zandigwira mtima: timayenda, ndipo tili pakati pa nsabwe. Kodikodi sakonda kuyenda. Amaunjikana pamodzi m'mphanda za nthambi kapena pa khosi la chipatso, mlomo ataubaya mu mtengo, ndipo ukamukhudza amangosuntha pang'ono. Koma pali ana a ladybird wina wamng'ono, wa gulu la Scymnus, amene amatulutsa phula loyera pamsana n'kuoneka ngati kachidutswa ka thonje. Amayenda yekhayekha, mwachangu, kusakasaka nsabwe. Tengani kaudzu mumukhudze. Akathamanga, mumutembenuze chagada. Mudzaona thupi lalitali, miyendo isanu ndi umodzi yooneka bwino, ndi mutu wokhala ndi timano togwirira. Kodikodi ukamutembenuza ndi kathumba kofewa kozungulira, timiyendo tosaoneka bwino.

Phula limenelo lili ndi ntchito. Nsabwe zimatulutsa timadzi totsekemera, ndipo nyerere zimaziweta ngati ng'ombe kuti zizimwa timadzito. Chilichonse chofuna kudya nsabwe, nyerere zimachiluma n'kuchithamangitsa. Nyerere ikaluma mwana wa Scymnus imangodzaza phula m'kamwa, iye n'kupitiriza kudya. Makolo ake ndi tizikumbu ta mamilimita awiri kapena kuposerapo pang'ono, taubweya ngati Stethorus, koma nthawi zambiri tokhala ndi mawanga akhofi kapena ofiirira pamapiko kapena kumatako. Muwafune pa nsonga zanthete za mandimuwo, pomwe masamba apiringizika.

Nkhani ya tizikumbu timeneti si yachibwana, inapulumutsapo minda. Mu 1888 minda ya malalanje ku California inali itatsala pang'ono kutha ndi kachilombo koyamwa kochokera ku Australia. Katswiri wina, Albert Koebele, anapita ku Australia komweko n'kukapeza ladybird wamng'ono wofiira ndi wakuda yemwe amadya kachilomboko. Atamumasula m'minda, pasanathe zaka ziwiri mitengo inachira. Mu 1891 bambo yemweyo anabweretsanso wina, Cryptolaemus, wodya kodikodi, amene ana akenso amavala thonje loyera. Kuno kwathu akuluakulu a m'mbali mwa nyanja, makamaka ku Nkhata Bay, akukumbukira momwe kodikodi anasakazira chinangwa m'zaka za m'ma 1980. Chomwe chinamugonjetsa si mankhwala, koma kamavu kakang'ono kochokera ku South America, kwawo kwa kodikodiyo, komwe akatswiri a bungwe lofufuza za ulimi la IITA anakafalitsa m'maiko ambiri a mu Africa. Hans Herren, yemwe anatsogolera ntchitoyo, analandira mphotho ya World Food Prize mu 1995. Ndikaona mlimi akupopera dimba lonse osayamba wayang'ana, ndimaganiza za ndalama ndi zaka zomwe anthu anataya kufunafuna tizilombo tonga tomwe iye akupha ulere.

Mwana wanu mwina afunsa kuti, chabwino ndi Stethorus, koma Stethorus wake uti? Pamenepa galasi la m'manja ndi foni zimathera panjira. Mitundu ya gululi ndi yambiri ndipo pamsana imafanana kwambiri, yonse yakuda, yonse yaubweya. Akatswiri amakatembenuza kachilomboko pa maikulosikopu n'kuyang'ana kamzere kokhota komwe kali pamimba kuseri kwa miyendo yam'mbuyo, ngati kakuzungulira n'kubwerera kapena kakuthera pakati. Kuti atchule dzina lenileni, kawirikawiri amachita kung'amba kachikumbu kakamuna n'kuona ziwalo zake zoberekera, poti m'menemo ndi momwe mitundu imasiyana moonekeratu. N'chifukwa chake foni ikakupatsani dzina lathunthu la mawu awiri pa kachilombo ka milimita imodzi, musalilandire msanga. Mapulogalamu amenewa anaphunzira kwambiri pa zithunzi za ku Ulaya ndi ku America, ndiye amathamangira dzina la kumeneko. Kwa mlimi, kudziwa gulu n'kokwanira kusankha chochita.

Koma ngati mwanayo ali ndi chidwi, musamugwetse mphwayi. Atole tizikumbu tisanu kapena khumi, osati kamodzi, kuti pakhale mwayi wopezapo kakamuna. Atiike m'kabotolo koyera ka mankhwala komwe kanatha, athiremo sipiriti. M'kati momwemo aikemo kapepala kolembedwa ndi pensulo, chifukwa inki imasungunuka, kosonyeza malo, tsiku, mbewu yomwe anatipezapo ndi chomwe tinkadya. Kabotolo kopanda kapepalako n'kopanda phindu kwa katswiri. Akhoza kukapereka kwa alangizi a m'dera lanu, kapena kukafunsa ku Chitedze Research Station pa msewu wa ku Mchinji, kapena ku Bunda, ku LUANAR, komwe kuli ophunzitsa za tizilombo. Pojambula, aike kachilombo m'firiji mphindi zochepa kuti kafooke, kenako akaike pa pepala la graph kapena pambali pa lula, panja pamthunzi wowala, galasi lija ataligunditsa pa kamera ya foni. Ajambule pamsana, m'mbali ndi pamimba. Zithunzi zotere akaziika pa tsamba la pa intaneti la iNaturalist zimaonedwa ndi anthu odziwa a m'maiko ena, ndipo za kuno ku Malawi n'zochepa, choncho chilichonse chimawonjezera kanthu.

Ndisakusiyeni ndi maganizo oti ladybird aliyense ndi wabwino. Pali gulu la Epilachna ndi abale ake lomwe limadya masamba. Mudzawapeza pa nkhwani, pa mbatatesi, nthawi zina pa mabilinganya. Ndi akuluakulu, mamilimita 6 mpaka 8, ofiirira mozimiririka, a madontho akuda, msana wosawala. Amapala tsamba n'kusiya mitsempha yokha ngati sefa, ndipo ana awo ndi achikasu, aminga yanthambinthambi. Ameneŵa muzitola ndi manja n'kupha. Lamulo lake ndi lomwe lija: onani chomwe chili pakamwa pake. Ngati pali nsabwe, akangaude kapena kodikodi, musiyeni. Ngati pali tsamba lopalidwa ndipo iye ali pabala pomwepo, ndiye wolakwa.

Za Cypermethrin ndikukanizani ndi mtima wonse, ndipo ndili ndi chifukwa. Kangaude wofiira sali m'gulu la tizilombo ta miyendo isanu ndi umodzi. Wamkulu ali ndi miyendo isanu ndi itatu, ndi mbale wa nkhupakupa, ndipo mankhwala amenewa samugwira bwino. Amene amafa ndi adani ake. Kunja kukatentha chonchi kangaude amachoka pa dzira kufika poikira mazira ake m'sabata imodzi kapena masiku khumi, pomwe kachikumbu kamafuna masabata awiri kapena atatu. Mukapopera, akangaude otsala amaswana popanda wowaletsa, tizikumbu tisanabwerere. Zinandichitikira pa dimba langa ku Likuni chaka china. Ndinapopera mizere inayi ya nyemba, iwiri ndinaisiya chifukwa mankhwala anathera panjira. Patatha masabata atatu inayi ija inali itauma, ulusi uli yakatayakata mpaka kunsonga, pomwe iwiri yosapopera tinadyako zitheba. Kumbukiraninso kuti khwanya wa nyemba zimenezo ndi ndiwo za ana anu.

Chochita ndi ichi. Masamba omwe auma kale kapena adzaza ulusi muwathothole, koma muyambe mwawagwedezera pa nyemba zinzake kuti tizikumbu titsalire, kenako muwakwirire kapena kuwatentha kutali ndi dimba. Akangaude amakonda fumbi ndi kuuma, madzi amadana nawo. Pothirira musamangothira pa tsinde. Kawiri kapena katatu pa sabata, m'mawa, muziwaza madzi mwamphamvu kunsi kwa masamba, ndi sipuleya yotsukidwa bwino kapena botolo lobooledwa pachivindikiro. Nyemba zisamve ludzu, poti mbewu yofota ndi imene akangaude amaimaliza msanga, ndipo muphimbire nthaka ndi udzu kuti fumbi lichepe. Pa mandimu, dulani nthambi zokhudza pansi kapena khoma kuti nyerere zisowe pokwerera, nsabwezo muzisiyire toyera tija. Mvula ikayamba kumapeto a Novembala kapena mu Disembala akangaude amachepa okha.

Tomato yekha ndiye wosiyana, ndipo ndisakubisireni. Masamba ndi tsinde lake zili ndi tiubweya tomata tomwe timakola tizikumbu tating'ono, choncho Stethorus sagwira bwino ntchito pamenepo. Ndiponso kangaude amene amavutitsa tomato m'chigawo chino cha Africa ndi mtundu wobwera, wochokera ku South America, wotchedwa Tetranychus evansi, ndipo adani ake a kuno samudya mokwanira. Akangaude akafika pa tomato wanu, thotholani masamba a m'munsi msanga, zulani tsinde lomwe lagwidwa kwambiri, ndipo mukakolola musasiye mapesi m'dimba. Zikakanika, funsani alangizi za mankhwala opangidwira akangaude enieniwo, monga a abamectin, mupopere pa tomato pokha, madzulo, kunsi kwa masamba, ndipo mutsate masiku odikira musanathyole monga alembera pa botolo.

Lero lomwe sankhani masamba khumi a nyemba, mumange kaulusi pa phesi la lililonse, mwana wanu awerenge tizikumbu ndi timphutsi tomwe tilipo n'kulemba m'kope. Pakatha masabata awiri awerengenso, ayang'anenso ngati masamba atsopano akutuluka opanda madontho. Mudzandilembere zomwe mwapeza, ndidzazisindikiza pa tsamba lino.

FUNSO

Mwana wanga wa zaka zinayi anatola ladybird pa repu, ndipo m'manja mwake munatsala timadzi tachikasu tonunkha. Kodi ndi mkodzo? Ndi poizoni?

Bambo wa ku Kawale, Lilongwe

YANKHO

Bambo, musade nkhawa. Si mkodzo, ndi magazi a kachilomboko. Ladybird akafinyidwa kapena kuopsedwa amatulutsa dala timadontho ta magazi ake m'mawondo. Ndi owawa ndiponso onunkha, ndipo mbalame kapena buluzi akalawa kamodzi amakumbukira mtundu wowalawo n'kumaupewa. Pa khungu la munthu sachita kanthu kupatula kusiya banga lachikasu, ngakhale pali anthu ochepa amene amamva kuyabwa. Musambitseni m'manja ndi sopo asanagwire m'maso kapena chakudya. Akadzatolanso wina, muuzeni atambasule dzanja m'malo mofumbata. Kachilomboko kadzakwera mpaka kunsonga ya chala n'kuuluka, osatulutsa madziwo.